Ma rainbowfish akuthamangitsana mu thanki: zoti muchite musanavuule nsomba iliyonse

Ngati mukusunga ma rainbowfish ndipo mammawa uliwonse mukangoyatsa nyali mukuona nsomba ziwiri zamphongo zikuzungulirana zipsepse zili njo, kenako ina nkuthamangitsa inzake kuchoka kona iyi mpaka kona inayo, chonde musathamangire kaneti. Anthu ambiri choyamba kuchita ndi kuvuula yomwe akuiona ngati yovutayo, inenso ndinapanga zomwezo, koma sipanathe ndi sabata yomwe, ija inali yachiwiri pa mphamvu inakhala pampando nkuyamba kuzunza zinzake kuposa yoyamba ija. Ndi nsomba zimenezi vuto kawirikawiri silikhala mtima wa nsomba imodzi ayi, limakhala loti gulu lachepa komanso thanki yafupika, nde zonse ndikambe panozi zizungulira pamenepo.

Choyamba mudziwe kaye komwe zimachokera chifukwa zithandiza kumvetsa khalidwe lake. Ma rainbowfish ambiri omwe timagula mmashopu kwawo ndi ku Australia ndi pa chilumba cha New Guinea. Boesemani, ija ya buluu chakumutu ndi olenji chakumchira, imachokera ku nyanja za Ayamaru chakumadzulo kwa chilumba cha New Guinea mdziko la Indonesia ndipo akatswiri anailemba mmabuku mu 1980. Yofiira ija, Glossolepis incisus, ndi ya ku Lake Sentani pafupi ndi mzinda wa Jayapura. Turquoise, ija ya buluu mobiriwira, ndi ya ku Lake Kutubu ku Papua New Guinea, pomwe kakang'ono konyezimira kaja ka praecox ndi ka ku mtsinje wa Mamberamo. Kumeneko zimayenda mmagulu akuluakulu mmadzi otakasuka, yamphongo ikakangana ndi inzake yogonjayo imangosambira nkupita kutali nkusokonekera mgulu, nkhani yathera pompo. Mu thanki mwathumu yogonja ilibe kopita, ikathawa masentimita 60 yagunda galasi, ikatembenuka yapezananso ndi yomwe imaithawa ija.

Tsopano musanasinthe chilichonse, khalani pansi kutsogolo kwa thanki mammawa kwa mphindi ngati 20, masiku awiri kapena atatu, muzingoyang'ana basi. Ngati simungathe ikani foni ijambule vidiyo. Chifukwa zambiri zomwe anthu amati ndewu si ndewu, ndi kushaina chabe. Yamphongo ikamashaina imatambasula zipsepse zonse, makaka ake amawala kwambiri moti mungaganize kuti ndi nsomba ina, ndipo pamwamba pa mutu kuyambira pakamwa mpaka pa chipsepse cha pamsana pamatuluka kamzere kowala komwe kamayaka nkuzima, kuyaka nkuzima ngati wina akuseweretsa switchi. Imaima mbali ndi mbali ndi inzake, zonse kunjenjemera, kuzungulirana kawiri katatu, kenako ina imafooketsa zipsepse nkuchokapo, yopambanayo kuithamangitsa pang'ono nkuisiya. Pakatha ola limodzi kapena awiri muzipeza zikusambira limodzi ngati palibe chinachitika. Zimenezi ndi zabwinobwino, ndipo kunena zoona nchifukwa chake timasungira nsombazi, makaka enieni a Boesemani mumawaona nthawi imeneyi. Thanki yoti zamphongo sizishainirana ndiye yomwe ndingaidere nkhawa.

Nkhanza zenizeni zimaoneka mosiyana. Mupeza nsomba imodzi yomweyomweyo ndi imene ikuthamangitsidwa tsiku lonse osati mammawa okha, yakhala kuseri kwa hita kapena pakona yapamwamba pafupi ndi paipi ya fyuluta, zipsepse yazipinda, mtundu wasuluka kapena yada bii, ikupuma mofulumira, nthawi ya chakudya siikutulukira kapena ikangotuluka yalandira chibakera nkubwerera. Mukaiyang'anitsitsa mchira wang'ambika, mamba ena mmbalimu achoka, pena mlomo watupa kapena wayera. Mukaona zimenezi ndiye musachedwe, nsomba yotere imatha kufa pa masabata ochepa, osati chifukwa cha mabala okha koma chifukwa siikudya ndipo matenda amailowa mosavuta.

Ine zinandichitikira ndi ma Boesemani atatu omwe ndinagula ali ang'onoang'ono, otuwa ngati matemba, wogulitsa anandiuza kuti atatu akwana ndipo thanki ya masentimita 60 ndi yabwino. Kwa miyezi ingapo kunali bata. Zitayamba kukula ndi kutulutsa mtundu mpamene ndinazindikira kuti ndili ndi zamphongo ziwiri ndi yaikazi imodzi, ndipo palibe kuphatikiza koipa kuposa kumeneku. Akuluakulu anati atambala awiri salira mkhola limodzi, nde yaikuluyo inkamenya yamphongo inzake mammawa, ikatopa nayo nkutembenukira kwa yaikazi kuikakamiza kuikira mazira mpaka madzulo. Tsiku lina ndinaipeza yaikaziyo ili chogona pansi pa tsamba la Anubias, mimba itaphwa, ndipo inafa mmawa mwake. Zinandipweteka kwambiri chifukwa zikanapeweka. Mfundo yoti muitole apa ndi yoti nsombazi zimachedwa kukhwima, mtundu wake weniweni umadzaoneka bwino patatha chaka kapena kuposerapo, nde bata la miyezi yoyamba lisakupusitseni kuti zonse zili bho.

Nde mankhwala oyamba ndi chiwerengero. Musasunge zochepera 6 za mtundu umodzi, ndipo 8 kapena 10 ndiye bwino kwambiri. Zikachuluka, ija yamphamvu singathe kulondola imodzi, ikayamba kuthamangitsa iyi ina yadutsa kutsogolo kwake, yasokonezeka, yayamba ina, mapeto ake aliyense walandirako pang'ono koma palibe wovulala. Ndikuti za mtundu umodzi chifukwa ena amagula Boesemani awiri, yofiira imodzi, turquoise awiri, praecox mmodzi, nkumati ndili ndi gulu la 6. Zimasambira limodzi inde koma mikangano yake siigawanika bwino, ndipo vuto lina ndi loti mitunduyi imakwerana mosavuta nkubereka ana osadziwika bwinobwino, zomwe anthu osunga nsombazi amadana nazo kwambiri, makamaka poti Boesemani kwawo ku Ayamaru ili pa chiopsezo chotha. Bola mtundu umodzi kapena iwiri koma uliwonse ukhale ndi gulu lokwana.

Za kuchuluka kwa zamphongo ndi zazikazi anthu amatsutsana. Ena amati yamphongo imodzi pa zazikazi ziwiri, ena amati theka theka, enanso amasunga zamphongo zokhazokha ndipo zimayenda ndithu ngati zili zambiri, chifukwa palibe mkazi womulimbirana. Ine maganizo anga ndi oti zazikazi zikhale zofanana kapena zochulukirapo, ndipo zamphongo zisakhale ziwiri zokha, zikhale zitatu kupita mtsogolo kapena imodzi basi. Pa gulu la 8 ndimakonda zamphongo 3 zazikazi 5. Chomwe simuyenera kuchita ndi zamphongo zambiri pa yaikazi imodzi kapena ziwiri, mwazipha zazikazizo. Kusiyanitsa kwake zikakula nkosavuta, yamphongo imakhala ndi thupi lotambalala kuchoka pamsana kufika pamimba, msana wokwera ngati linunda, kamutu kooneka kakang'ono, makaka owala. Nsombazi zili ndi zipsepse ziwiri pamsana, nde kwa yamphongo choyambacho chimakhala chachitali moti ikachigoneka chimakafika pa chachiwiri, kwa yaikazi chimaperewera. Yofiira ya ku Sentani ndiye yosavutiratu, yaikazi siifiira, imakhala yotuwa mobiriwira. Praecox yamphongo zipsepse zake ndi zofiira, yaikazi zachikasu kapena olenji. Ku shopu musachite manyazi kuimirira nthawi yaitali ndikuloza nokha yomwe mukuifuna.

Koma chiwerengero chimayendera limodzi ndi malo, simungathire nsomba 8 za masentimita 10 mu kathanki ka malita 54 nkumayembekeza mtendere. Apa chofunika kwambiri ndi kutalika kwa thanki osati kuya kwake. Thanki yaitali chokwera mmwamba koma yaifupi mmbali ndi yachabe kwa ma rainbowfish chifukwa amasambira chopingasa ndipo ndi aliwiro zedi. Kwa Boesemani ndi turquoise, zomwe zimafika masentimita 10 mpaka 12, yambirani pa thanki ya masentimita 120, mwachitsanzo 120 kwa 45 kwa 45 yomwe imalowa malita pafupifupi 240. Yofiira imatha kufika masentimita 15 nde imafuna yoposa pamenepo ngati mungakwanitse. Ngati thanki yanu ndi ya masentimita 80 kapena 90 ndipo ndalama yogulira ina palibe, bwezani zikuluzikuluzo kapena mupatse mnzanu, mugule praecox zomwe sizipitirira masentimita 7 kapena 8, mudzasangalala nazo kuposa kumangoyang'anira ndewu tsiku ndi tsiku. Ndikudziwa kuti nzowawa kumva koma palibe chomera kapena mwala womwe ungakonze thanki yochepa.

Malo akakhala okwana, chotsatira ndi kakonzedwe ka mkatimo. Nsomba yamphongo imathamangitsa chomwe ikuchiona, ikasiya kuchiona imaiwala msanga. Nde cholinga chanu ndi choti nsomba ikaima kona imodzi isamaone mpaka kona inayo. Dzalani zomera zazitali zofika pamwamba pa madzi monga Vallisneria kapena Hygrophila, osati kumbuyo kokha ngati mpanda, koma chitsamba chimodzi chituluke chakutsogolo penapake pakati pa thanki, kapena imikani chikuni cha nthambi chomangirira Java fern. Timapanga ta miyala pansi sitithandiza kwenikweni poti nsombazi sizikhala pansi, zimakhala pakati ndi pamwamba, nde zobisalamo zikhale komweko. Musadzadzenso thanki yonse ndi zomera, siyani msewu wautali kutsogolo woti zizithamangamo. Zomera zoyandama pang'ono zimathandiza kuchepetsa kuwala ndipo yogonja imakapumira pansi pake.

Pali kanthu kena komwe anthu ambiri sakadziwa. Ma rainbowfish saikira mazira kamodzi nkupuma ayi, amaikira pang'onopang'ono pafupifupi mammawa uliwonse, pa zomera za masamba ang'onoang'ono, ndipo mazirawo amakhala ndi timaulusi tomata. Ngati mu thanki muli malo amodzi okha abwino oikira, tinene kamulu kamodzi ka Java moss, yamphongo yamphamvu imakhazikika pamenepo ngati mlonda wa pageti ndipo ndewu zonse zimachitikira pomwepo. Ikani malo otere atatu kapena anayi motalikirana. Mutha kupanga nokha ndi ulusi wolukira majuzi uja wa akiriliki, wobiriwira, muukulunge pa buku maulendo ngati 40, mumange mbali imodzi, mudule mbali inayo, mutsuke ndi madzi otentha opanda sopo kenako mumangirire ku kachitsekerero ka botolo koyandama. Ndinaika tiwiri kumapeto onse a thanki ndipo mmawa wachiwiri yamphongo yaikulu inali pa kamodzi, yachiwiri inali pa kenako ikushaina mwamtendere, aliyense ndi bwalo lake. Mukapukusa ulusiwo ndi zala mumamva timazira tolimba ngati mchenga.

Madzi oyenda amathandizanso. Fyuluta yotulutsa madzi mwamphamvu pang'ono motsata kutalika kwa thanki imazipatsa ntchito, zimakonda kusambira molimbana ndi madziwo ndipo mphamvu zina zimathera pamenepo. Onaninso hita yanu, madzi akatentha kwambiri cha mma digiri 28 kupita mtsogolo zimakhala zotakataka komanso zofuna kuswana nthawi zonse, mukatsitsa pang'onopang'ono kufika pa 25 kapena 26 zimafatsako, bola nsomba zina zomwe muli nazo zikhale zoti zipirira.

Pa chakudya, nsombazi ndi zadyera komanso zachangu, mukathira pamalo amodzi yamphamvu imaima pomwepo nkumagunda aliyense wobwera. Mwazani chakudya mbali zonse ziwiri za thanki nthawi imodzi, pang'onopang'ono kawiri kapena katatu pa tsiku mmalo mothira chambiri kamodzi. Chikhale cha tizidutswa ting'onoting'ono chifukwa kukamwa kwake kumaoneka kwakukulu koma kummero nkopapatiza. Ndipo ngati muli ndi nsomba zapansi monga Corydoras, ziponyereni chakudya chomira nyali itazima, apo ayi sizilawa kanthu, pena anthu amati ma rainbowfish apha nsomba zanga pamene zinangofa ndi njala.

Pamenepa ndafika pa nkhani ya anzake okhala nawo mu thanki. Nthawi zambiri ma rainbowfish salimbana ndi mitundu ina, koma liwiro lawo lokhalo limasowetsa mtendere nsomba zofatsa. Betta, ma guppy a michira italiitali, ma gourami ang'onoang'ono amanyazi, zonsezi zimavutika, ndipo michira yolendewera ija pena imajomphedwa. Kansomba ka threadfin rainbowfish, Iriatherina werneri, olo dzina likufanana musakaike limodzi ndi Boesemani, ndi kakang'ono kwambiri ka masentimita 4 kapena 5 komanso kodya mochedwa. Zomwe zimayenda bwino ndi Corydoras, bristlenose, ma loach, Congo tetra, ma danio, nsomba zoti nazonso ndi zachangu kapena zimakhala pansi. Ndiye pali ena amaganiza kuti poti ma rainbowfish ambiri amakonda madzi olimba, okhala ndi michere yambiri yosungunuka, a pH (muyezo wa asidi mmadzi) ya 7 mpaka 8, angawaphatikize ndi mbuna za ku nyanja yathu ya Malawi. Madzi akhoza kugwirizana koma khalidwe ayi, mbuna imateteza mwala wake ndi mano enieni ndipo siishaina chabe, imaluma kuti ipweteke. Ngati mu thanki yanu muli mbuna ndipo ma rainbowfish akung'ambika zipsepse, musawanamizire okhaokha, yang'anani pamiyalapo.

Tsopano mwaganiza zoonjezera gulu, musangogula nkukhuthulira momwemo. Zatsopano zisungeni kaye mu thanki ina kwa masabata atatu kapena anayi muone ngati zilibe matenda. Gulani za saizi yoyandikira zomwe muli nazo, ndipo muziike zingapo nthawi imodzi, osati imodzi lero ina mwezi wamawa, chifukwa mlendo mmodzi amasanduka chandamale cha aliyense. Tsiku loziikalo dyetsani kaye eni thanki, sunthani chikuni ndi miyala ndi zomera zomwe zingasunthike kuti aliyense aone ngati wafika malo achilendo, zimitsani nyali, ikani zatsopanozo ndipo nyali ikhale yozima mpaka mawa. Masiku awiri atatu oyamba kukhala chipwirikiti ndithu pamene zikukonzanso za ndani wamkulu, zisiyeni bola pasakhale wovulala. Kumbukiraninso kuti mwaonjezera katundu pa fyuluta, nde sabata imeneyo yezani ammonia ndi nitrite, poizoni wochokera ku zonyansa za nsomba mmadzi, zonse zikhale pa 0, ndipo sinthani madzi pafupipafupi.

Madzi akuda paokha amapangitsanso nsombazi kukhala zaukali komanso zodwaladwala. Ine ndimasintha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu sabata iliyonse, ndi mankhwala ochotsa klorini, ndipo ndimayesetsa kuti nitrate, zotsalira za zonyansa za nsomba zomwe zimaunjikana mmadzi, asapitirire 20 pa choyezera madzi. Musadabwe mukaona kuti mmawa wotsatira mutasintha madzi kushaina kwachuluka, madzi atsopano amazipatsa chilakolako choswana, zimatha zokha. Ndipo thanki ikhale ndi chivindikiro chotseka bwino, nsombazi zimadumpha, makamaka yomwe ikuthamangitsidwa kapena nyali ikayaka mwadzidzidzi mchipinda cha mdima, monga magetsi akabwera pakati pa usiku. Yatsani kaye nyali ya mchipinda kapena tsegulani makatani, ya thanki ibwere pambuyo.

Nanga zonsezi mwachita, gulu ndi lokwana, thanki ndi yaitali, koma pali imodzi yomwe ikuvutabe? Zimachitika, makamaka ndi zamphongo zokalamba zikuluzikulu za mtundu wofiira uja kapena Boesemani. Apa ndiye mutha kuivuula, koma musaitsekere mu kabokosi kakang'ono koyandama kaja, idzadzigunditsa mpaka kuvulala mlomo. Iikeni mu thanki ina yokhala ndi hita ndi fyuluta kwa sabata imodzi kapena awiri, musinthe kakonzedwe ka thanki yaikulu, kenako muibweze usiku nyali itazima. Kawirikawiri imabwera itatsika, yapeza ina yakhala kale pampando. Ikayambiranso kawiri konse ndiye ipezereni kwina, kwa munthu wa thanki yaikulu kuposa yanu. Kuigwira kwake gwiritsani ntchito maneti awiri, ina yokusira ina yodikirira, chifukwa ndi neti imodzi mudzazula zomera zonse osaigwira.

Yovulalayo nayo imafuna chisamaliro chake. Ngati siikudya ichotseni ndi iyoyo kaye muiike payokha mmadzi oyera, malo amdima pang'ono, ndi chomera chobisalamo. Zipsepse zong'ambika zimamera zokha pa masabata angapo madzi akakhala aukhondo, simufunika kuthira mankhwala aliwonse. Chomwe muyenera kuchiyang'anitsitsa ndi mlomo ndi pamsana. Kachilonda koyera pamlomo kosakula nthawi zambiri ndi kogundidwa chabe ndipo kamapola. Koma mukaona zoyera ngati thonje zikukula tsiku ndi tsiku, kapena chigamba chotuwa pamsana, ameneyo akhoza kukhala columnaris, matenda a bakiteriya omwe amathamanga kwambiri mmadzi otentha, nde musakweze hita ngati mmene ena amachitira ndi matenda a timadontho toyera, itsitseni kufika cha pa 24 kapena 25, muipatule nsombayo ndipo mupeze mankhwala a bakiteriya tsiku lomwelo. Ikachira musaibweze isanayambe kudya mwamphamvu ndi kubwerera thupi, ndipo poibweza chitani monga mmene mumachitira ndi zatsopano, eni thanki atakhuta, zinthu zitasunthidwa, nyali itazima, kenako mmawa mwake mukhale pafupi muone ngati ikutuluka kudzadya limodzi ndi zinzake.